Myeloma ikasiya kuoneka pambuyo pa chithandizo cha CAR-T, timadziwa bwanji ngati ibwerera?

Multiple myeloma ndi khansa ya maselo opanga chitetezo omwe amakhala m'mafuta a m'mafupa. Pa chithandizo cha CAR-T, madokotala amatenga maselo oteteza thupi otchedwa maselo a T m'magazi a wodwala, amawasintha ku labotale kuti azizindikira puloteni ya BCMA yomwe ili pa maselo a khansayo, kenako amawabwezera m'thupi. Dziko la America lidavomereza mankhwala a ide-cel mu 2021 ndi a cilta-cel mu 2022. Ambiri matendawa amazilala, koma kwa ochuluka amadzabwereranso.

Zizindikiro zina zoti matendawa akhoza kubwerera zimaoneka chithandizo chisanayambe. Chachikulu ndi chotupa cha myeloma chomwe chamera kunja kwa mafupa, monga m'chiwindi kapena pansi pa khungu. China ndi kuduka kwa mbali ya chromosome 17 (imodzi mwa nkhokwe za chibadwa) m'maselo a khansayo, kukwera kwa ferritin (puloteni yosunga ayironi) m'magazi, komanso ngati munthu adalandirapo kale mankhwala ena olimbana ndi BCMA. Oterewa amafunika kuwaona pafupipafupi.

Chithandizo chikachitika, muyezo wodalirika ndi wa MRD, wofufuza maselo ochepa kwambiri a khansa omwe atsalira. Dokotala amabaya singano pa fupa la m'chiuno chakumbuyo, n'kukoka mafuta a m'mafupa, ndipo makina amafufuza selo limodzi la khansa pakati pa maselo 100,000 kapena 1,000,000. Apa pali mbuna ziwiri. Myeloma imakhala m'timagulu, pena ilipo pena palibe, choncho singano ikhoza kugwera pamalo oyera. Komanso madontho oyamba kukokedwa ndi amene ayenera kupita kokayeza MRD, chifukwa otsatira amakhala atasakanikirana ndi magazi, zotsatira n'kuoneka zabwino pomwe sizili choncho. N'chifukwa chake sitikhutira ndi kuyeza kamodzi. Timafuna MRD ikhale yoyera mobwereza kwa miyezi 12, ndi chithunzi cha PET-CT chotsimikizira kuti kunja kwa mafupa kulibe kanthu.

Magazi nawo amalankhula, koma amafuna kuwamvetsa. Puloteni ya IgG, imene myeloma ya odwala ambiri imapanga, imachedwa kutha m'thupi, imatenga pafupifupi masabata atatu kuti itsike ndi theka, ndiye ikhoza kuonekabe khansa itapita kale. Ma light chain, tizidutswa ta puloteni timene maselo a myeloma amapanganso, amatsika msanga, koma impso zikafooka amakwera popanda khansa. Nambala imodzi isakusowetseni tulo. Chomwe timayang'ana ndi kukwera kotsatizana.

Nanga imabwerera bwanji? Nthawi zina maselo a CAR-T amatopa kapena kutha. Nthawi zina khansa imachepetsa kapena kutayiratu BCMA, maselo a CAR-T aja n'kumaidutsa osaizindikira. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika, chifukwa ngati BCMA yatayika, dokotala amaganizira mankhwala olunjika puloteni ina, monga GPRC5D.

Kwa ife a kuno ku Johannesburg, miyezo ya magaziyi ndi yomweyo imene amatsatira nayo wodwala myeloma aliyense, ngakhale amene sadalandire CAR-T. Yezetsani ku labotale imodzimodzi, pakuti njira zoyezera ma light chain zimasiyana ndipo manambala ake sangafanizidwe. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, yezetsani musanakwere basi, ndipo mapepala a zotsatira muwanyamule. Msana ukayamba kuwawa mwatsopano, miyendo kuchita dzanzi kapena mkodzo kuchepa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku lomwe adakulemberani.