Msilikali amene anagwetsa mfumu yomwe ankaikonda

Mukadzafika ku Brazil n'kulandira chenje m'sitolo, mudzayang'ane kandalama kachitsulo ka 25 centavos. Pali nkhope ya bambo wandevu zambiri. Ameneyo ndi Manuel Deodoro da Fonseca, pulezidenti woyamba wa dzikolo, yemwe analamulira zaka ziwiri ndi masiku owerengeka, kuyambira pa 15 Novembala 1889 kufika pa 23 Novembala 1891. Ndikamaphunzitsa mbiri ya ku South America, ophunzira amaganiza kuti munthu amene anathetsa ufumu ayenera kuti ankadana ndi mafumu kuyambira kale. Kwa Deodoro sizinali choncho. Moyo wake wonse anatumikira mfumu Pedro II, ankailemekeza, ndipo nayonso inkamuwerengera. Kuti timvetse chimene chinamufikitsa pogwetsa ufumu, komanso chimene chinamugwetsa iyeyo msanga chonchi, tiyenera kuyambira ku usilikali wake.

Anabadwa pa 5 Ogasiti 1827 ku Alagoas, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'tauni imene lero imatchedwa Marechal Deodoro pomukumbukira. Bambo ake anali msilikali, abale ake aamuna nawonso analowa usilikali. Pa nkhondo yolimbana ndi Paraguay, imene inamenyedwa kuyambira 1864 mpaka 1870, abale ake atatu anafera komweko, ndipo iye anavulala pa nkhondo ya ku Itororó mu Disembala 1868. Maudindo ake anawapezera kunkhondo, ndi magazi ake.

Asilikali atabwerako ku Paraguay anabwera ndi nkhani kukhosi. Ankaona kuti iwo ndiwo anapulumutsa dziko, koma andale a m'maofesi, ambiri a iwo maloya ndi ana a eni minda, ankawapeputsa. Malipiro anali ochepa, kukwezedwa pantchito kunkachedwa. Cha m'ma 1880 mkangano unabuka pa nkhani imene ingaoneke yaing'ono: kodi mkulu wa asilikali ali ndi ufulu wodziteteza m'nyuzipepala nduna kapena phungu akamunyoza? Boma linati ayi, n'kuyamba kulanga amene alemba. Mu 1886 Deodoro anali mkulu wa asilikali ku Rio Grande do Sul, chigawo cha kum'mwera kwa dzikolo, ndipo anaikira kumbuyo anyamata ake m'malo mowalanga. Anachotsedwa paudindowo, koma kwa asilikali anasanduka tate. Chaka chotsatira, 1887, atakhazikitsa bungwe lawo la Clube Militar ku Rio de Janeiro, likulu la dzikolo panthawiyo, anasankha iyeyo kukhala wapampando.

Pali chinthu chimodzi chimene Deodoro anachita nthawi imeneyi chomwe ndimafuna chizikumbukiridwa. Akapolo ankathawa m'minda ya khofi mwaunyinji, ndipo eni minda ankafuna kuti asilikali aziwasaka. Mu Okutobala 1887 bungwe la Clube Militar, Deodoro ali pampando, linalembera mwana wamkazi wa mfumu, Isabel, kupempha kuti asilikali asapatsidwe ntchito imeneyo. Nkhani ya ukapoloyi si yapatali kwenikweni kwa ife, chifukwa ena mwa anthu amene anagulitsidwa ku Rio de Janeiro m'zaka zoyambirira za m'ma 1800 anakwezedwa zombo padoko la Quelimane ndi pachilumba cha Mozambique. Pa 13 Meyi 1888 Isabel anasaina lamulo lothetsa ukapolo, ndipo Brazil inakhala dziko lomaliza kutero ku America konse. Eni akapolo sanalipidwe chipukutamisozi chilichonse, choncho ambiri anaufulatira ufumu. Mfumu Pedro II inali itakalamba ndipo inkadwaladwala. Wolowa m'malo anali Isabel, wokwatiwa ndi Mfalansa, Conde d'Eu, amene anthu ambiri sankamukonda. Mtengo unali utafumbwa kale mkati, unkangodikira mphepo.

Ofuna ripabuliki analipo kuyambira 1870, koma analibe anthu okwanira kuti apambane pa voti. Ankasowa munthu amene asilikali angamumvere. Mphunzitsi wa masamu pasukulu ya asilikali, Benjamin Constant, ndiye anagwira ntchito yomunyengerera Deodoro. Usiku wa pa 9 Novembala 1889, akuluakulu a ufumu akuvina pa phwando lalikulu pachilumba cha Ilha Fiscal polemekeza asilikali apamadzi a ku Chile, a Clube Militar anali pamsonkhano. Pa 14 Novembala kunafala mphekesera yabodza yoti boma likufuna kumanga Deodoro ndi Benjamin Constant, ndipo asilikali anatuluka m'misasa usiku womwewo.

Deodoro anali chigonere, akubanika popuma. Nyumba yake inali moyang'anizana ndi bwalo la Campo de Santana, pafupi ndi likulu la asilikali kumene nduna zinabisala. M'mamawa wa pa 15 Novembala anadzuka pa bedi, navala yunifolomu, nakwera hatchi. Mkulu wa nduna, Visconde de Ouro Preto, analamula kuti oukirawo amenyedwe. Amene anayenera kukwaniritsa lamulolo anali Floriano Peixoto, mnzake wa Deodoro wochokeranso ku Alagoas, ndipo anakana kuombera asilikali anzake. Zipata zinatsegulidwa, Deodoro analowa, nauza Ouro Preto kuti nduna zonse zachotsedwa.

Apa ndi pamene ndimapempha ophunzira kuti atchere khutu. M'mawa umenewo chimene chinachotsedwa ndi nduna, osati mfumu. Pedro II anatsika kuchokera ku Petrópolis, tauni ya kumapiri kumene ankakhala nyengo yotentha, akuganiza kuti angosankha nduna zina, nkhani ithere pomwepo. Koma dzina limene linamveka kuti ndilo lasankhidwa linali la Gaspar da Silveira Martins, mdani wa Deodoro kuyambira ku Rio Grande do Sul. Olemba mbiri ambiri amaona kuti zimenezi ndizo zinamaliza kumutembenuza mtima. Pofika usiku anali atavomera kutsogolera boma la ripabuliki. Mfumu, imene inakhala pampando kuyambira 1831 ili ndi zaka zisanu, inakwezedwa chombo ndi banja lake usiku, kusanache pa 17 Novembala, kuti anthu asasonkhane. Inakamwalirira ku Paris mu Disembala 1891.

Nanga anthu wamba? Aristides Lobo, mtolankhani yemwe anakhala nduna m'boma latsopanolo, analemba masiku omwewo kuti anthu anangoyang'ana kukamwa kuli yasa, osadziwa chimene chikuchitika, ena akuyesa ndi perete wa asilikali. Ripabuliki inabadwa eni dziko ali oonerera. Ngakhale malamulo atsopano atalembedwa, voti inali ya amuna odziwa kulemba ndi kuwerenga okha, m'dziko limene anthu ochuluka sanapondeko m'kalasi, makamaka amene anali atangomasulidwa kumene ku ukapolo.

Boma logwirizira linathamanga. Linasintha mbendera n'kulembapo mawu akuti Ordem e Progresso, kutanthauza bata ndi chitukuko. Mu Januwale 1890 linalekanitsa boma ndi mpingo wa Katolika, n'kukhazikitsa ukwati wa kuboma. Koma pa chuma zinthu zinasokonekera. Nduna ya zachuma, Rui Barbosa, inalola mabanki ena kusindikiza ndalama zamapepala pofuna kuti mafakitale atsegulidwe. Ndalama zitachuluka, anthu anayamba kugula ndi kugulitsa masheya a makampani amene ena anali a papepala chabe, mitengo ya zinthu n'kukwera. Anthu a ku Rio anaitcha nyengoyi Encilhamento, mawu ochokera ku mpikisano wa mahatchi, nthawi imene akumangirira chishalo obetcha ali pikitipikiti.

Malamulo oyendetsera dziko anakhazikitsidwa pa 24 Febuluwale 1891, ndipo tsiku lotsatira aphungu anasankha pulezidenti. Deodoro anapeza mavoti 129, Prudente de Morais wa ku São Paulo 97. Wachiwiri ankasankhidwa payekha, ndipo anapambana ndi Floriano Peixoto, yemwe anaima kumbali yotsutsa, ndi mavoti 153. Tangoganizani: wachiwiri wapeza mavoti oposa a pulezidenti, ndipo si wa mbali yake. Ena mwa amene anavotera Deodoro anatero poopa kuti akagonja asilikali atseka Nyumba ya Malamulo.

Kwa munthu amene kwa zaka zoposa makumi anayi anazolowera kuti akalamula anthu amangoti inde bwana, kutsutsidwa ndi aphungu kunali ngati chipongwe. Ndimaona kuti vuto lake lenileni linali pamenepa. Anali wolimba mtima, koma anali wa mtima wapachala, ndipo sankasiyanitsa mdani ndi munthu wongosiyana naye maganizo. Nduna zake zoyamba zitatula pansi maudindo mu Januwale 1891, anadalira mnzake wakale, Barão de Lucena, munthu wa nthawi ya ufumu, ndipo ofuna ripabuliki zinawawawa. Aphungu atalimbikira lamulo lofotokoza milandu imene pulezidenti angachotsedwere pampando, iye anaona kuti akusaka mutu wake. Pa 3 Novembala 1891 anathetsa Nyumba ya Malamulo, mphamvu imene malamulo a miyezi isanu ndi itatu chabe aja sanamupatse.

Abwanamkubwa a zigawo pafupifupi onse anamuombera m'manja, kupatula Lauro Sodré wa ku Pará. Koma ku Rio Grande do Sul kunabuka chipolowe, ogwira ntchito ya njanji ku Rio ananyanyala, ndipo pa 23 Novembala mkulu wa asilikali apamadzi, Custódio de Melo, analozetsa mizinga ya zombo zankhondo ku mzindawo. Deodoro anali adakali ndi asilikali amene akanamumenyera nkhondo. Sanawatume. Anaitanitsa Floriano n'kumusiyira mpando tsiku lomwelo. Ndimamudzudzula pa zimene anachita pa 3 Novembala, koma za pa 23 Novembala ndimamupatsa ulemu, makamaka ndikaona magazi amene anakhetsedwa kum'mwera kwa dzikolo kuyambira 1893, Floriano ali pampando.

Anakhala miyezi isanu ndi inayi yokha atachoka paudindo, matenda obanika aja akumuvutitsabe. Anamwalira ku Rio de Janeiro pa 23 Ogasiti 1892, ali ndi zaka 65. Asanatsirizike anapempha kuti adzamuike m'manda atavala zovala wamba, osati yunifolomu.