Chimbudzi cha agalu ndi madzi amene timamwa: uthenga kwa oweta agalu m'boma la Dedza

M'makomo ambiri muno m'boma la Dedza muli galu, wina wolondera nkhokwe ndi khola la mbuzi usiku, wina wopirikitsa anyani kumunda, wina wopita naye kuuzimba. Tikamakamba za ukhondo wa pakhomo timatchula chimbudzi cha anthu, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi mpondagiya wosambira m'manja, koma chimbudzi chimene galu wachita kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa njira ya kumjigo sitichiwerengera n'komwe. Chimasiyidwa pomwepo kuti chiume ndi dzuwa, ndipo chikaleka kuoneka timati chatha, pamene changosakanikirana ndi dothi, kudikira mvula kuti ichitengere kumene madzi akupita.

Dera lathu ndi la mapiri ndi zitunda. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo madzi a mvula amathamanga kuchokera m'mabwalo a nyumba ndi m'ngalande za misika, n'kutsikira kumadambo kumene kuli zitsime zokumba pamanja ndi madimba a kabichi, tomato ndi anyezi. Otsala amalowa m'timifuleni tothira mu Diamphwe ndi mu Linthipe, mtsinje umene umakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Choncho galu wa ku Bembeke kapena ku Chimbiya akhoza kudetsa madzi amene akatunge ndi banja lomwe silinamuonepo. Mvula yoyamba ndi imene imatenga uve wochuluka, chifukwa imakokolola nthawi imodzi zonse zimene zinaunjikana m'miyezi ya chilimwe.

Zimene zimakhala m'chimbudzi cha galu

Galu akhoza kuoneka wonenepa ndi wanthanzi koma m'chimbudzi chake muli tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, monga Campylobacter, Salmonella, Giardia ndi Cryptosporidium. Tizilomboti sitioneka ndi maso, sitisintha mtundu wa madzi ndiponso sitinunkha, kotero madzi a pachitsime akhoza kukhala oyera mbee koma ali nato. Amene amavutika kwambiri akamwa madzi otere ndi ana osapitirira zaka 5, okalamba, komanso anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, kuphatikizapo amene ali ndi kachilombo ka HIV koma sakumwa mankhwala mwandondomeko.

Nkhani yaikulu ili pa njoka za m'mimba. Njoka ina yotchedwa Toxocara canis imapezeka kwambiri mwa ana agalu, chifukwa amaitengera kwa make asanabadwe kapena poyamwa. Njoka yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku, ndipo mazirawo amatuluka limodzi ndi chimbudzi. Tsiku limene atuluka sakhala atakhwima, amafunika masabata 2 mpaka 4 ali m'dothi kuti athe kupatsira munthu matenda, koma akakhwima amakhala amoyo kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka, makamaka pamalo a chinyontho ndi a mthunzi. Apa ndi pamene pagona phindu la kuwola chimbudzi cha galu tsiku ndi tsiku: chimene mwachotsa lero simunachipatse mpata wokhwimitsa mazira, pamene chimene chakhala mwezi pabwalo chadetsa kale dothi, ndipo dothi silichapika. Mwana wokwawa amene amaika dothi m'kamwa akameza mazirawa, timphutsi timaswa m'matumbo mwake n'kuyenda ndi magazi kupita ku chiwindi ndi m'mapapo, ndipo nthawi zina timakafika m'diso, kumene tikhoza kuwononga kuona kwa disolo mpaka kalekale.

Njoka ina imalowera pakhungu. Timphutsi take timakhala m'dothi lonyowa kapena mumchenga pamene agalu amakonda kuchitapo chimbudzi, ndipo munthu akapondapo opanda nsapato kapena mwana akakhalapo pansi, timaboola khungu n'kusiya kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri, kamene kamasuntha pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Yachitatu ndi Echinococcus granulosus, ndipo iyi imakhudza kwambiri ife oweta mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe. Pamene tapha chiweto pa ukwati, pa maliro kapena pa tsiku la msika, n'kupeza chiwindi kapena mapapo ali ndi matuza odzaza madzi, chizolowezi chathu ndi kudula mbali yoipayo n'kuponyera galu. Galu akadya nyama yotero yosaphika, njokayo imakulira m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatha kupatsira matenda nthawi yomweyo atangotuluka, osadikira masabata ngati a njoka yoyamba ija. Mbuzi imawameza podya msipu, munthu amawameza kudzera m'madzi, m'ndiwo zamasamba zosatsuka bwino kapena m'manja mutagwira ubweya wa galu. Mwa munthu amapanga chotupa chamadzi m'chiwindi kapena m'mapapo chimene chimakula mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri chimafuna opareshoni kapena mankhwala a nthawi yaitali.

Ndi bwino kunena zoona zake kuti tisasokoneze zinthu. Kolera, amene anavuta dziko lino kuyambira mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, amafala kudzera m'chimbudzi cha anthu, osati cha agalu. Chiwewe nachonso sichifala ndi chimbudzi, chimafala ndi malovu galu akaluma munthu. Komabe galu womangoyendayenda amadya chimbudzi cha anthu kutchire, n'kubwera kudzanyambita mbale, ndowa ndi nkhope za ana. Chizolowezi choitana galu kuti adzadye chimbudzi cha mwana wakhanda, chimene ena amachiona ngati njira yachidule yoyeretsera pakhomo, n'chofunika kuchisiya. Chimbudzi cha mwana malo ake ndi m'dzenje la chimbudzi.

Zoyenera kuchita pakhomo

Posesa pabwalo m'mawa, yambani ndi kuwola chimbudzi cha galu pogwiritsa ntchito khasu kapena fosholo imene mwaipatula kuti ikhale ya ntchito yokhayo. Musachisese ndi tsache chitauma, chifukwa mumangochimwaza ndi fumbi. Chitayeni m'chimbudzi chokumba, kapena chikwirireni m'dzenje lakuya pafupifupi theka la mita, pamalo amene ana saseweretsapo dothi ndiponso pamene madzi a mvula sadutsa. Dzenjelo litalikirane ndi chitsime, kasupe kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, monga momwe timachitira ndi chimbudzi cha anthu, ndipo likhale kumunsi kwa malo otungapo madzi, osati kumtunda kwake. Amene mumakhala m'tawuni ndipo mumawolera m'jumbo, musataye jumboyo m'ngalande, chifukwa ngalande zonse zimathera kumtsinje. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda, ndipo ngati sopo palibe gwiritsani ntchito phulusa.

Chimbudzi cha galu si manyowa. Ndowe za ng'ombe ndi zitosi za nkhuku timazithira m'munda zitawolerana, koma mazira a njoka za agalu safa pa mulu wa manyowa wa pakhomo, choncho kuchiponya pamuluwo ndi kutengera mazirawo kudimba kumene kumachokera ndiwo zimene timadya ndi kugulitsa m'mbali mwa msewu wa M1.

Galu amene amadya mokwanira pakhomo sayenda kwambiri, ndipo kawirikawiri amachita chimbudzi pamalo amodzimodzi, zimene zimapeputsa ntchito yowola. Mpatseni madzi akumwa m'chiwiya chakechake kuti asamakamwe pa matope a pamjigo. Zam'kati za chiweto muziziphika zipse musanampatse, ndipo chiwindi kapena mapapo amene ali ndi matuza muziwotcha kapena kukwirira mozama kuti galu asafukule. Ana agalu amayenera kumwa mankhwala a njoka kuyambira ali ndi masabata 2, n'kumabwereza pa masabata 2 aliwonse mpaka atakwana miyezi 3, pamene galu wamkulu amayenera kumwa pa miyezi 3 iliyonse. Si mankhwala onse a njoka amene amapha njoka ya matuza ija, amene amaipha ndi okhala ndi praziquantel, choncho funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mtundu ndi mlingo woyenera kulemera kwa galu wanu. Mukapita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe, ndi nthawi yabwino yofunsiranso za mankhwalawa. Galu akamwa mankhwala, chimbudzi chake cha masiku awiri kapena atatu otsatira chimakhala ndi njoka ndi mazira ambiri, ndiye chimenecho musachisiye pansi ngakhale tsiku limodzi.

Pamalo otungapo madzi

Makomiti a pamjigo, mothandizana ndi mafumu, aonetsetse kuti mjigo uli ndi mpanda ndi chitseko, simenti yozungulira mjigo ilibe ming'alu, ndipo ngalande yotaya madzi siyinatsekeke. Chitsime chokumba pamanja chikhale ndi khoma lokwera pakamwa pake ndi chivindikiro, ndipo chingwe ndi ndowa yotungira zisamagone pansi pamene agalu amadutsa. Ana opita kotunga madzi auzidwe kuti galu azitsala kunyumba.

Madzi a pachitsime chosatetezedwa, a pakasupe ndi a mumtsinje muziwateteza musanamwe. Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ngakhalenso WaterGuard, amapha tizilombo tambiri kuphatikizapo ka kolera, bola mwathira mlingo woyenera ndipo mwadikira mphindi 30. Koma Cryptosporidium ndi mazira a njoka sizifa msanga ndi klorini wa mlingo wa madzi akumwa, ndipo m'madzi a matope mphamvu yake imachepa. M'nyengo ya dzinja madzi akada, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Nkhuni n'zosowa, tikudziwa, ndiye ngati simungathe kuwiritsa a banja lonse, wiritsani a ana aang'ono ndi a odwala. Madziwo asungeni mu ndowa yovindikira, pamalo okwera pamene galu sangafike.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo mupitirize kumuyamwitsa kapena kumdyetsa. Thamangirani naye kuchipatala ngati m'chimbudzi muli magazi, akusanza chilichonse, maso alowa m'kati, kapena wafooka mpaka kulephera kumwa. Pitaninso kuchipatala mwana akamadandaula kuti diso limodzi silikuona bwino, akakhala ndi chifuwa ndi kutentha thupi kosamva mankhwala, kapena mukaona kamzere koyabwa koyenda pakhungu. Kwa wamkulu, kupweteka kosatha kapena kutupa mbali ya kumanja pansi pa nthiti n'kofunika kukayezetsa. Mukafika, auzeni adokotala kuti pakhomo panu pali agalu ndiponso kumene mumatunga madzi, chifukwa zimenezi zimawathandiza kudziwa zoyenera kuyeza.