Chigamulo cha Citizens United sichinalole makampani kupereka ndalama kwa andale

Ambiri amakhulupirira kuti mu 2010 Khoti Lalikulu la ku America, pa mlandu wa bungwe lotchedwa Citizens United, linalola makampani kupereka ndalama m'manja mwa opikisana pa chisankho. Si zoona, chifukwa lamulo la Tillman la 1907 limaletsabe zimenezo pa zisankho za boma lalikulu. Oweruza 5 mwa 9 anangovomereza kuti kampani ikhoza kulipira payokha, popanda malire, mauthenga otamanda kapena onyoza wopikisana, bola isapangane naye, ngakhale kuti wovota amene akuonera wailesi yakanema madzulo sangaone kusiyana kwake. Popeza chigamulochi chinatsamira pa ufulu wolankhula, womwe uli m'malamulo oyendetsera dziko, lamulo wamba silingachifafanize. Pokhapokha khotilo litasintha maganizo, pamafunika kusintha malamulo oyendetsera dziko, ndipo zigawo 38 mwa 50 ziyenera kuvomereza.