Kutsogolo 18, kumbuyo 27: mpweya woyenera m'matayala a Beetle

Wopopa matayala pa filing'i akafunsa kuti "Tiike angati, bwana?", eni magalimoto ambiri amangoti 30 kapena 32 konsekonse. Pa Corolla kapena Vitz sipalakwika zambiri. Koma yankho lomwelo pa Volkswagen Beetle ya m'zaka za m'ma 1960 limasandutsa galimoto yofatsa kukhala yovuta kuwongolera, ndipo mwiniwake amayamba kukayikira chiwongolero, ma shock ndi mabuleki, pomwe vuto lalowera pa valavu.

Ndasankha Beetle chifukwa imaonetsa bwino nkhani yonse ya mpweya m'magalimoto akale. Inapangidwa kuyambira 1938 mpaka 2003, zoposa 21 miliyoni, ku Wolfsburg ku Germany komanso m'maiko ena, ndipo kuno kumwera kwa Africa inkamangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979. Injini yake ili kumbuyo, kuseri kwa matayala akumbuyo. Kutsogolo kuli thanki ya mafuta, tayala la sipeya ndi kabuti kakang'ono basi. Choncho pafupifupi magawo 6 mwa 10 a kulemera kwake amatsamira kumbuyo. Buku la fakitale la m'zaka za m'ma 1960 linkalamula 16 psi (psi ndi muyezo wa mpweya wa m'tayala) kutsogolo ndi 24 psi kumbuyo mukakhala anthu awiri, ndi kuwonjezera pang'ono galimoto ikadzaza. Pa mageji owerenga mu bar, manambalawa ndi 1.1 ndi 1.7, pakuti bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi.

Munthu wozolowera magalimoto amakono akamva 16 amaganiza kuti tayalalo laphwa. Silinaphwe. Chimene chimanyamula galimoto ndi mpweya, mphira ndi chotengera chabe, ndipo mpweya wofunika umatsata katundu amene tayalalo lasenza. Tayala lakutsogolo la Beetle lasenza zochepa. Mukalipopa 30, kagawo kamene kamagunda pansi kamachepa, tayala limadumphadumpha pa msewu wokumbika, chiwongolero chimapepuka mopitirira, ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi pa msewu wonyowa matayala akutsogolo amafulumira kukhwekhwereza. Mphepo yowomba cham'mbali, kapena ya lole imene mwadutsana nayo, imakukankhani mosavuta.

Choopsa chenicheni chili pokhota. Tayala lililonse likamakhota limapotoka n'kuterereka pang'ono kupita kunja, ngakhale woyendetsa samva. Opanga galimoto amafuna kuti akutsogolo ndiwo ayambe kugonja, chifukwa zikatero galimoto imangokana kukhota mokwanira, woyendetsa amachotsa phazi pa moto ndipo zinthu zimabwerera m'malo. Akumbuyo akayamba ndiwo, thako la galimoto limazungulira kupita kutsogolo, ndipo ndi ochepa amene amatha kulibweza. Galimoto ya injini kumbuyo imakonda kuchita chachiwirichi mwachibadwa. Ma Beetle akale amaonjezanso vuto lina: ekiselo yakumbuyo imapindikira pa giyabokosi pokha, kotero pokhota mwaliwiro tayala lakunja limatha kupindikira mkati, pansi pa galimoto. Kusiyanitsa mpweya, wochepa kutsogolo ndi wambiri kumbuyo, ndi njira imene akatswiri a fakitale anagwiritsa ntchito kuti akutsogolo azigonja msanga, akumbuyo n'kulimba. Mukalinganiza matayala onse anayi mwachotsa chitetezo chimenecho ndi manja anu.

Ku America anaphunzira zimenezi movutikira ndi Chevrolet Corvair, imene inatuluka kumapeto kwa 1959, nayonso ya injini kumbuyo. General Motors inalamula 15 psi kutsogolo ndi 26 psi kumbuyo. Eni ake ambiri, ngakhalenso ogwira ntchito m'magalaja, ankangopopa mofanana monga ankachitira ndi magalimoto ena onse, ndipo Corvair inatchuka ndi kutembenuka pokhota. Panali zifukwa zinanso za kamangidwe kake, n'chifukwa chake mu 1965 anasintha kamangidwe ka kumbuyo konse, koma mpweya unali pakati pa nkhaniyo.

Tsono pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale munthu wosamala amene ali ndi buku la galimoto yake m'manja. Manambala a m'bukumo analembedwera matayala amene masiku ano sapezeka wamba. Beetle inkatuluka ndi matayala a crossply a saizi 5.60-15. Mkati mwa tayala lotere, zingwe zimadutsana mopingasa monga mmene amalukira dengu, kuchokera mbali ina ya limu kukafika mbali inayo, ndipo khoma lake limakhala lolimba palokha. Tayala la radial, limene Michelin inalembetsa mu 1946, zingwe zake zimayenda molunjika kudutsa tayalalo, pamwamba n'kumangapo lamba wa waya. Khoma lake ndi lofewa, limapindika mosavuta, ndipo limadalira kwambiri mpweya kuti liime. Pafupifupi tayala lililonse limene mungagule lero ndi radial; mudzaona chilembo R pa saizi yake, monga 155 R15 kapena 165 R15.

Volkswagen yokha itayamba kuvomereza ma radial inakweza manambala kufika pa 18 kutsogolo ndi 27 kumbuyo, kapena kuti 1.3 ndi 1.9 bar. Onani kuti anakweza pang'ono chabe, ndipo kusiyana kwa kutsogolo ndi kumbuyo sanakuchotse. Apa ndi pamene ine ndimayambira pa Beetle iliyonse yovala radial. Ngati msewu wanu ndi wa phula ndipo mumayenda mitunda italiitali mutanyamula anthu, mukhoza kukwera mpaka 20 kutsogolo ndi 28 kapena 29 kumbuyo. Kupitirira apo kutsogolo sindimalangiza. Lamulo lomweli limagwira pa galimoto ina iliyonse yakale imene yachoka ku crossply kupita ku radial, kaya Peugeot, Morris kapena Land Rover: yambirani pa nambala ya fakitale, onjezani 2 mpaka 4 psi, ndipo sungani kusiyana kumene fakitale inaika pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, kaya mbali yolemera ndi iti.

Musasakanize crossply ndi radial pa ekiselo imodzi, ndipo radial kutsogolo ndi crossply kumbuyo ndi kuitana ngozi. Ku Britain n'koletsedwa ndi lamulo.

Ena amawerenga nambala yolembedwa pa khoma la tayala, 44 kapena 51 psi, n'kumati ndiyo yoyenera. Nambala imeneyo ndi malire amene tayalalo lingapirire. Wopanga tayala sankadziwa kuti lidzavekedwa pa galimoto yanji.

Mpweya wochepa nawonso uli ndi zake. Pali eni magalimoto akale amene amachepetsa mpweya dala kuti galimoto iziyenda mofewa pa msewu wafumbi. Kwa kamtunda kochepa, pa liwiro lochepa, mumchenga, palibe cholakwa. Koma mukabwerera pa phula osapopanso, khoma la tayala limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Kutentha ndiko kumalekanitsa mphira ndi waya mkati, mwakachetechete, mpaka tsiku limene tayala liphulika. Kumbuyo kwa Beetle ndi kumene izi zimaopsa kwambiri chifukwa ndiko kuli katundu. Palinso nkhani ya malimu. Malimu ambiri akale alibe kamtunda kamkati kamene kamagwira mlomo wa tayala lopanda chubu kuti usavuke, ndiye tayala lochepa mpweya likhoza kusiya limu pokhota n'kutaya mpweya wonse nthawi imodzi. Ngati muli ndi chubu mkati, mpweya wochepa umachititsa kuti chubucho chizikhuzana ndi tayala mpaka kubooka.

Nambala yabwino ilibe ntchito ngati kapimidwe kali kolakwika, ndipo apa ndi pamene ndimafuna mwini galimoto yakale akhale wokhwimitsa zinthu. Manambala onse amene ndatchulawa ndi a tayala lozizira, kutanthauza galimoto imene yaima maola atatu kapena kugona usiku wonse. Tayala loyenda limatentha ndipo mpweya umakwera ndi 2 mpaka 4 psi. Zimenezo n'zachibadwa ndipo fakitale inaziwerengera kale. Musatulutse mpweya m'tayala lotentha kuti mufike pa nambala ya m'buku, chifukwa likazizira mudzapeza lili pansi. Nyengo nayo imasuntha geji: madigiri 10 alionse amasintha mpweya ndi psi imodzi kapena imodzi ndi theka. Tayala limene munapopa masana a October lidzawerenga mochepa m'mawa wa June ngakhale lisanatayeko kalikonse, ndipo mwa lokha tayala labwinobwino limataya pafupifupi psi imodzi pa mwezi.

Gulani geji yanuyanu muziisunga m'galimoto. Mageji a pa filing'i amagwetsedwa pansi, amapondedwa, amakhala padzuwa, ndipo ambiri sawerenga bwino manambala ang'onoang'ono. Geji yonama ndi 2 psi pa tayala la 35 si nkhani yaikulu, koma pa tayala la 18 yanama kuposa gawo limodzi mwa 10. Pimani milungu iwiri iliyonse, komanso musananyamuke ulendo wautali.

Kenako lolani tayala lenilenilo likuuzeni. Likamatha pakati kusiya m'mbali, mpweya wachuluka. Likamatha m'mbali zonse ziwiri kusiya pakati, wachepa. Likamatha mbali imodzi yokha, imeneyo si nkhani ya mpweya, kaonetseni alayimenti, ngakhale kuti kumbuyo kwa Beetle yakale kupendekeka kwa matayala kumatsatanso kutalika kumene galimotoyo yakhala. Amene safuna kudikira miyezi akhoza kujambula mzere wa choko kudutsa pamene tayala limaponda, kuyenda pang'ono molunjika pa phula losalala, n'kuona pamene choko chafufutika. Njira ina ndi kupima m'mawa, kuyenda theka la ola pa liwiro lanu la masiku onse, n'kupimanso. Mpweya ukakwera mopitirira 4 kapena 5 psi, tayalalo likuvutika. Munayamba ndi wochepa kapena mwalisenzetsa kwambiri. Sinthani ndi psi imodzi kapena ziwiri nthawi iliyonse, osati zisanu, kuti mudziwe chimene chasintha kayendedwe.

Za nayitirojeni musataye nazo ndalama. Mpweya umene tikupumawu magawo 78 mwa 100 ndi nayitirojeni kale.

Tayala la sipeya la Beetle lili ndi nkhani yakeyake. Pa ma Beetle a m'zaka za m'ma 1970, madzi otsukira galasi lakutsogolo sankakankhidwa ndi kamota ayi, ankakankhidwa ndi mpweya wochokera m'tayala la sipeya kudzera mu kapaipi. N'chifukwa chake fakitale inkati sipeyayo izipopedwa mpaka 42 psi, pafupifupi 3 bar, ndipo panali valavu yotseka mpweya ukatsika kuti tayala lisaphwe. Ngati yanu ikadali ndi makonzedwe amenewa, kumbukirani kutulutsako mpweya tsiku limene mwaveka sipeyayo, makamaka ikapita kutsogolo.

Magalimoto akale ambiri amakhala nthawi yaitali ataima, ndipo tayala loima malo amodzi limaphwatalala pamene laponda. Ngati galimoto ikhala miyezi, onjezani mpweya ndi 5 mpaka 8 psi kapena muiimike pa zochirikiza, ndipo ikani kapepala pa chiwongolero kokukumbutsani kubwezeretsa musanayende. Kuimaku kumabisanso ukalamba. Tayala la galimoto yoyenda Lamlungu lokha limaoneka latsopano, mizere yake yakuya, pomwe mphira wauma kale. Pa khoma pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka, kotero 2314 ndi mlungu wa 23 wa 2014. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000. Opanga matayala akuluakulu amalangiza kuchotsa tayala likakwana zaka 10 ngakhale likuoneka bwino, ndipo ndi dzuwa lathuli ine ndimayamba kuyang'ana ming'alu pa khoma ndi pansi pa mizere likangodutsa zaka 6. Tayala losweka chotero palibe nambala ya mpweya imene ingalikonze, lichotseni pamodzi ndi valavu yake ndi chubu ngati chilimo.