Ng'ona za pachilumba cha Bazaruto

Malume anga, amene anakalambira ku Mufakose mu Harare, anali khukhi wa mzungu wina masiku amene Harare inkatchedwa Salisbury. Kangapo konse anatengedwa pa ulendo wa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, poti azungu a kuno ankakonda kukapuma pazilumba za kumeneko, makamaka Santa Carolina. Tikamachezera maliro usiku, moto uli pakati, iwo ankasimba kuti pa Bazaruto anaona nkhalango, ndipo m'kati mwa chilumbacho muli nyanja zing'onozing'ono za madzi okoma zokhala ndi ng'ona. Anzawo a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, anthu odziwa madzi, ankangopukusa mitu. "Achimwene, mtengo n'kumera pamchenga wamchere? Nanga ng'onayo inakwera bwato la ndani?"

Malume sankanama. Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque ndi milu ya mchenga imene mphepo ndi mafunde zinaunjika kalekale, nthawi imene madzi a m'nyanja anali otsika ndipo malowa anali olumikizana ndi mtunda. Madzi atakwera zaka zikwi zingapo zapitazo, anadula miluyo n'kuisiya yokha ngati mpanda wotchinga gombe. Ng'ona zinatsalira komweko. Bazaruto yekha ndi wautali kupitirira makilomita 30, koma ndi wowonda kwambiri.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene mitengo imapezera pokhala. Kum'mawa, kumene nyanja ya Indian imamenya, kumayamba udzu wolimba ndi chomera china choyanga ngati kholowa, masamba ake ooneka ngati phazi la mbuzi. Zimenezi zimakola mchenga wouluka, mulu n'kumakula. Kuseri kwake kumabwera zitsamba, ndipo mukaziona mungati wina wazimeta ndi lumo: mphepo yamchere imawotcha nsonga zonse zoyang'ana kunyanja, mtengo n'kupendekera kumtunda, masamba ake okhuthala ndi onyezimira. Ya kutsogoloyi imamwa mchere m'malo mwa inzake, ndiye ya kumbuyo imatalika mwaufulu, masamba ake n'kumawolera pansi kupanga kadothi kakuda kopyapyala. Mukapalasa ndi chala, mchenga woyera uli pompo.

Nanga madzi? Mvula ikagwa imalowa mumchenga, ndipo poti madzi okoma ndi opepuka, amayandama pamwamba pa amchere pansi pa chilumbacho. Akatswiri amawerengera kuti madzi okoma akakwera mita 1 pamwamba pa nyanja, pansi amakhala atatsika pafupifupi mamita 40. Mizu imamwa pamenepo, zitsime za anthu nazonso. Ife a ku Mabvuku ndi Tafara mu Harare chitsime chikauma timadikira dzinja. Koma ku Bazaruto ukatunga mopitirira, mchere umakwera kuchokera pansi, ndipo chitsime ndi mitengo yozungulira zimafera limodzi. Kumadzulo kwa chilumbacho n'kwabata: malo ena kuli mitengo ya mangrove yomera m'matope, ndipo m'madzi osaya muli udzu umene nyama yosowa yotchedwa dugong imadya.

Mkangano wa lero, wokhudza malamulo amene anthu a pazilumbazi anaikiridwa, unayambira pa chitetezo cha zinthu zimenezi. Boma la Apwitikizi linalengeza zina mwa zilumbazi kukhala paki yotetezedwa mu 1971, ndipo mu 2001 malire anakulitsidwa mpaka kuphatikiza Bazaruto ndi Santa Carolina. Pakati apa panabwera nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha mu 1992, ndipo anthu ambiri a kumtunda anathawira kuzilumbazi. Anafunika nkhuni, milimo ya nyumba, minda, msipu wa mbuzi. Ena amagoma migwalangwa kuti apeze uchema, monga amachitira abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Chiyambire 2017 pakiyi ikuyendetsedwa ndi bungwe loteteza zachilengedwe la African Parks mogwirizana ndi boma la Mozambique, ndipo pali malamulo a kudula mitengo, kutentha tchire ndi kusodza. Ine malamulowo ndimawamvetsa, chifukwa mbuzi ndi moto zikavula mulu wa mchenga, mphepo imaboola pamenepo, muluwo n'kuyamba kuyenda kukwirira mitengo yamoyo. Komabe zimandiwawa kuti chala chimaloza msodzi wa kumudzi msanga, pamene alendo a m'mahotela, ena ochokera kuno ku Harare, amasamba madzi a pansi omwewo.

Mu February 2007 namondwe Favio anagwera dera la Vilankulo, n'kusasula madenga ndi kuzula mitengo kumtunda ndi kuzilumba komwe. Malume anamva pa wailesi ali pakhonde, maso atayamba kale kuchita khungu. Za mahotela sanafunse n'komwe. Anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati mafunde sanadumphe milu ija kukathira mchere m'nyanja za ng'ona.