Kodi landilodi angalowe pabwalo nthawi ina iliyonse? Mafunso ndi mayankho kwa ochita lendi ku Dedza

Nyumba ndi yawo. Ndingawaletse bwanji kulowa mumpanda?

Nyumba ndi yawodi, koma tsiku lomwe analandira ndalama yanu ya lendi anakupatsani malowo kuti mukhalepo mwamtendere. Ngati nyumbayo ili mumpanda wakewake, ndiye kuti khonde, bwalo, kuseri, bafa ndi chimbudzi zili m'manja mwanu mpaka pangano litatha. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo limatchula zoti pakhomo pake ndi katundu wake zisamafufuzidwe mwachisawawa. Silinena kuti ufuluwu ndi wa okhawo omanga zawo.

Kwathu kuno ngakhale mfumu imaodira pakhomo pa munthu. Landilodi nayenso aodire.

Ndiye kuti asamabwere n'komwe?

Ayi. Ali ndi zifukwa zomveka zobwerera: kuona ngati mpanda wa njerwa wang'aluka ndi mvula, kukonzetsa denga, kuonetsa malo kwa amene adzalowe inu mukatuluka. Chofunika n'kukudziwitsani nthawi ikadalipo, ndi kubwera nthawi yoyenera. Uthenga wa pa WhatsApp dzulo lake ukwanira. Koma kutsegula geti mbandakucha, mayi akusamba m'bafa ya kuseri yopanda denga, zovala zamkati zili pachingwe, kumeneko si kuyendera nyumba. N'kuchotsa munthu ulemu. Pakagwa zadzidzidzi, monga moto kapena paipi yophulika, apo palibe chodikira.

Nanga mapichesi ndi dimba lakuseri?

Apa ndi pamene pamayambira mikangano yambiri kuno ku Dedza. Mwini nyumba anadzala mapichesi ndi mapeyala kalekale, mwina amalimanso mbatatesi pakona ya poloti. Zikapsa amatumiza ana ndi thumba, osanena. Iye akuti mtengo ndi wake, inu mukuti bwalo ndi lanu, ndipo aliyense ali ndi mfundo.

Mankhwala ake n'kukambirana musanalowe. Akafuna kusunga dimba kapena mitengo, anene poyera, ndipo mulembe: azibwera masiku ati, azidzera khomo liti, madzi othirira alipire ndani. Za madzizi musazichepetse, chifukwa bilu ya Central Region Water Board ikabwera yokwera, amene amatuluka thukuta ndi inu.

Tili ambiri poloti imodzi, landilodi amakhala pomwepo.

Bwalo, mpopi ndi chimbudzi pamenepo n'za nonse, choncho simungamuletse kuyendapo. Koma pakhonde panu ndi m'nyumba, ayi.

Ndili ndi ngongole ya lendi. Akhoza kutenga njinga yanga pabwalo kapena kuzula chitseko?

Ngongole ndi ngongole, muyenera kubweza. Koma siipatsa munthu chilolezo chokuopsezani kapena kukutulutsani ndi mphamvu zake. Ngongole ndi kutulutsa munthu zili ndi njira yake, ndipo mukalephera kumvana imathera kukhoti.

Akapitiriza ndipite kuti?

Yambani mwaulemu: "Bambo, mukamabwera muzitiuzako." Zikakanika, lembani kalata, musunge ina yanu, ndipo muzilemba masiku amene walowa. Kenako pitani kwa amfumu a dera lanu ndi mboni. Pakakhala kuopseza, kanenani kupolisi. Khoti la majisitireti lili pa boma pomwepa, ndipo amene sangathe kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Popita musaiwale malisiti a lendi ndi pepala la pangano lija.