Kodi tchaja ikagonera pa batire imaliwononga?

Ena amati ukasiya batire la galimoto pa tchaja usiku wonse, limapsa. Zimenezi zinkachitikadi ndi matchaja akale, omwe ankangothira moto osalekeza mpaka madzi a m'batire kuwira n'kuphwa. Tchaja yodziletsa yokha, ngakhale yotsika mtengo, sitero. Imakweza batire la mavolti 12 kufika pafupifupi 14.4, kenako imatsika n'kukhazikika cha pa 13.5, kumangobwezera kamoto kotayika.

Chomwe chimapha batire kwenikweni n'kulisiya lofooka. Likakhalitsa pansi pa mavolti 12.4, sulphate (mchere wochokera ku asidi wa m'batire) amauma pa mapuleti a m'kati mwake, ndiye mukati mulize galimoto mumangomva kuti tche, tche, basi.

Kungoti muwerenge zolembedwa pa tchajayo, chifukwa batire la lithium limafuna tchaja yakeyake. Ndipo muzitchajira podutsa mphepo, poti batire la asidi limatulutsa mpweya wa hydrogen wosachedwa kuyaka.